Dzanzi la Chala Chachikulu: Mlimi, Samalani Manja Anu

Mvula ikatha kwa Msakambewa, m'mapiri a ku Dowa ndi Ntchisi, khasu limapuma koma manja sapuma. Ino ndiyo nyengo yosankha fodya m'zigafa, kuswa mtedza ndi kutong'ola chimanga. Pa ntchito zonsezi chala chachikulu ndicho chimalema kopambana. Tsono alimi ena amadzuka pakati pa usiku chalacho chikuwawa, chitachita dzanzi, kapena chikubaya ngati singano. Kodi chimachititsa n'chiyani?

Gwero Lake

Kawirikawiri nthenda sili m'chalamo ayi. Pali mtsempha wonyamula mauthenga pakati pa dzanja ndi ubongo, umene umadzera pa kampata kopapatiza pa mfundo yolumikiza dzanja ndi mkono. Munthu akamapinda mfundoyo ndi kufinya zinthu tsiku lonse, mkati mwa kampatako mumatupa ndipo mtsempha umapanikizika. Madokotala amati nthendayi ndi carpal tunnel syndrome.

Chizindikiro chake n'chakuti dzanzi limagwira chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi mbali imodzi ya chotsatira, koma kachala kakang'ono kamatsala bwinobwino. Ululu umakula usiku ndipo umachepako munthu akakutumula dzanja. Nthendayi imakonda amayi kuposa abambo, makamaka amayi apakati, ndiponso anthu odwala shuga. Mwa ena mtsempha umapanikizika m'khosi, ululu n'kutsika ndi mkono mpaka ku chala.

Chochita Pakhomo

Musaswe mtedza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Pumulani kawirikawiri, tambasulani zala, ndipo sinthanani ntchito pabanja. Amene ali m'kalabu angasonkherane kugula makina oswera mtedza opukusa pamanja. Koma chenjerani! Musawaze madzi pa mtedza kuti makoko afewe. Zala zimapepukidwa ndithu, koma mtedzawo umagwira chuku chimene chili ndi poizoni woononga chiwindi, ndipo ogula angaukane pa msika.

Usiku musagonere dzanja kapena kulipinda. Kutemera mphini sikungathandize, chifukwa mtsempha wopanikizikawo uli mkati.

Ku Chipatala

Dzanzi likapitirira milungu ingapo, pitani ku chipatala chaching'ono cha Msakambewa kapena ku chipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, ndipo pemphani kuti akuyezeninso shuga. Thandizo loyamba ndi kachipangizo komanga pa mfundo usiku kuti dzanja likhale loongoka. Ena amabayidwa jakisoni wochepetsa kutupa. Zikakanika, pali opaleshoni yaing'ono yodula kamnofu kolimba kophimba kampata kaja, ndipo angakutumizeni ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Kwa amayi apakati, nthawi zambiri dzanzi limatha akachira.

Ngati pamodzi ndi dzanzi muli ndi banga lotuwa pakhungu losamva kukhudza, fulumirani, popeza lingakhale khate. Malawi adachepetsa kwambiri khate pofika mu 1994, koma silidatheretu. Mankhwala ake ndi aulere, ndipo amachiza m'miyezi 6 kapena 12.

Kuopsa Kochedwa

Mtsempha ukapanikizika nthawi yaitali, mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umaphwa. Pamenepo munthu amagwetsa kapu, amalephera kumanga batani ngakhale kutola tsamba la fodya, ndipo mphamvuyo mwina siibwereranso ngakhale atamchita opaleshoni. Choncho musanene kuti muyambe mwagulitsa mbewu. Lero lomwe yerekezani zikhatho zanu ziwiri: ngati patsinde pa chala chimodzi paphwa, mawa mulawirire ku chipatala.