Musataye Nsalu Imene Amayi Anu Anapeta

Amayi anzanga, kodi ndi liti pamene munatsegula komaliza bokosi lija lili kunsi kwa bedi, ndi kuona zimene zili pansi penipeni? Pafupifupi m'nyumba iliyonse muli bokosi lotere. Pamwamba pamakhala zovala zopita nazo ku ukwati ndi ku mapemphero, koma pansi pamagona zinthu zimene tinaleka kuvala: deresi lakale la amayi, duku la agogo, mikanda yomwazika, ndiponso nsalu ya pathebulo yokhala ndi maluwa osokedwa ndi manja. Zinthu zimenezi zili pa ngozi. Eni ake akatisiya, abale akakhala pansi kugawana zovala za malemu, aliyense amathamangira zatsopano. Nsalu yakale ija imaperekedwa kwa ana kuti azikolopera, ndipo ntchito imene mayi anaigwira miyezi itatu imatha m'masabata awiri.

Luso losoka maluwa pa nsalu timalitcha kupeta. Sikupeta kwa pa lichero ayi, koma kujambula maluwa, mbalame ndi malembo pogwiritsa ntchito singano ndi ulusi wamitundumitundu. Amayi athu ambiri analiphunzira ku sukulu za mishoni, ena m'magulu a amayi a mpingo, ndipo ena kwa alangizi a zapakhomo amene ankayendera midzi. Mtsikana pokonzekera banja ankapeta nsalu za mitsamiro, za pathebulo ndi zoyala pa mipando, ndipo mlendo akalowa m'nyumba ankadziwa manja a mwini nyumbayo asanalawe ndiwo zake. Ambiri mwa amayi amenewa sanasiye kalata kapena chithunzi. Chimene chatsala chotiuza za iwo ndi nsalu zomwezo.

Mwina mukuti nsalu ndi chinthu chosakhalitsa. Tiyeni tione za kunja pang'ono. Pali nsalu ina yotchuka imene imadziwika ndi dzina la mzinda wa Bayeux ku France. Kutalika kwake ndi pafupifupi mamita 70, ndipo inapetedwa ndi ulusi waubweya zaka zoposa 900 zapitazo. Imafotokoza mmene William wa ku Normandy anagonjetsera dziko la England m'chaka cha 1066. Akatswiri a mbiri yakale amaphunziramo za zombo, akavalo, zovala ndi zakudya za nthawi imeneyo. Koma anthu amene anagwira singanozo sanalembepo maina awo, motero dziko limatama ntchito yawo osawadziwa eni ake.

Zinasiyana ndi za Jane Bostocke wa ku England komweko. Iyeyu anapeta kansalu kosonyeza mitundu yosiyanasiyana ya kasokedwe, ndipo anasokapo dzina lake, chaka cha 1598, ndi tsiku limene mwana wina wotchedwa Alice Lee anabadwa m'chaka cha 1596. Kansaluko kamasungidwa ku Victoria and Albert Museum mumzinda wa London, ndipo dzina la Jane likutchulidwabe patatha zaka zoposa 400, kaamba ka malembo ochepa chabe amene anawasoka. Pafupi nafe pompano, amayi oposa 100 a dera la Hamburg ku Eastern Cape m'dziko la South Africa anatengera chitsanzo cha Bayeux, napeta nsalu ya Keiskamma yotalika mamita 120. Anaimaliza m'chaka cha 2004, ndipo imasimba mbiri ya dera lawo kufikira chisankho cha 1994.

Tsono bwererani ku bokosi lanu ndi maso ena. Deresi lalitali la amayi lija lili ndi nkhani yake. M'chaka cha 1973 kuno ku Malawi kunakhazikitsidwa lamulo la kavalidwe limene linaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi oonetsa maondo, ndipo lamulolo linathetsedwa m'chaka cha 1993. Mdzukulu wanu wobadwira m'nyengo ya mathalauzi angamvetse bwino zaka 20 zimenezo atagwira deresilo m'manja kusiyana ndi kungouzidwa pakamwa. Chitenje chothetheka chija mwina chinachokera ku fakitale ya David Whitehead mu Blantyre, imene inayamba ntchito m'chaka cha 1967. Zitenje za zikondwerero za ufulu, za misonkhano ya mpingo ndi za maukwati nazonso zimanena chaka chake. Chimodzimodzinso mikanda ya m'chiuno, zibangili, ndolo ndi chipini cha pamphuno: zonsezi zimasonyeza kumene agogo anachokera ndi mwambo umene anakuliramo.

M'maiko a ku Ulaya ndi ku America muli anthu amene amasonkhanitsa zovala zakale, zikwama za m'manja, zipewa ndi mabatani, ndipo amalipira ndalama zambiri pofuna chinthu chosokedwa ndi manja. Zina mwa zinthu zotere zimasochera n'kufika m'mabelo a kaunjika m'misika yathu. Mukaona bulauzi kapena nsalu ya pathebulo yamaluwa pa mulu, itembenuzeni muone kumbuyo. Ntchito ya makina imakhala yofanana ndendende paliponse, ndipo kawirikawiri kumbuyo kumaoneka ulusi wina woyera wosiyana ndi wa kumaso. Ntchito ya manja imasiyana pang'ono duwa ndi duwa, ulusi wa kumbuyo ndi womwewo wa kumaso, ndipo mumaona pamene wosokayo anayambira ndi pamene anamalizira. Ngati anthu akutali amalemekeza chotere manja a mayi amene sanamuonepo, nanga ife tingapeputse bwanji manja a amayi otibereka?

Mabuku a zaluso nawonso ndi ofunika kuwasamala. Buku lina lotchuka kwambiri pa nkhani ya singano ndi Encyclopedia of Needlework, lolembedwa ndi Thérèse de Dillmont wa ku Austria. Linatuluka m'chaka cha 1886 mumzinda wa Mulhouse, kwawo kwa kampani yopanga ulusi ya DMC, ndipo linamasuliridwa m'zinenero zambiri. Ubwino wa buku lotere ndi wakuti silikalamba, pakuti kasokedwe ka 1886 ndi komweko kamene tikusoka lero. Mukalipeza buku la mtundu umenewu pa msika, ngakhale lopanda chikuto, musalinyoze. Koma loposa onse ndi kope lija limene amayi anu ankajambulamo maluwa ndi pensulo ndi kumatamo tizidutswa ta nsalu. Buku losindikizidwa mungaligulenso, koma kopelo likapita ku moto kapena kukakulungira mandazi, lapitiratu.

Nanga zinthu zimenezi tizisunge motani? Choyamba, musaike chovala chakuda m'bokosi, chifukwa thukuta ndi mafuta a chakudya zimaitana mphemvu ndi njenjete. Chapani m'madzi ozizira ndi sopo wofewa, mosapikicha mwamphamvu. Musamenyetse pa mwala, musafinye mopotokola, ndipo musathire mankhwala oyeretsa zovala, pakuti amadya ulusi ndi kufufutsa mitundu yake. Yanikani pa mthunzi. Posita, yalani thaulo pansi, ikani nsaluyo chafufumimba kuti nsimbi idutse kumbuyo, ndipo maluwa adzakhalabe otukuka.

Chachiwiri, musasunge nsalu m'majumbo, chifukwa chinyezi chimatsekeredwa m'katimo n'kuyambitsa chuku. Musakulungenso m'nyuzipepala, poti inki imadetsa. Kulungani m'nsalu yoyera ya thonje. Ngati bokosi lanu ndi lachitsulo, yalani nsalu ina m'kati kuti dzimbiri lisakhudze zovala, ndipo chotsani mapini onse. Bokosi lathabwa liikeni pamwamba pa njerwa kuopa chiswe. Nsalu yopeta ndi bwino kuikulunga ngati mphasa kusiyana ndi kuipinda, chifukwa pamene papindidwa zaka zambiri ndi pamene pamayamba kung'ambika. Kawiri pa chaka, mvula ikatha ndiponso isanayambe, tulutsani zonse zipitidwe mphepo pa khonde.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, lembani. Tengani kapepala, lembanipo ndi pensulo dzina la amene anasoka kapena kuvala chinthucho, mudzi wawo, chaka, ndi mwambo umene anachivalira. Ngati agogo akali moyo, pitani nacho kwa iwo sabata lomwe lino, muwafunse modekha kuti anachipeza bwanji ndipo anawaphunzitsa kupeta ndani. Musadikire tsiku la maliro. Uzaninso abale pasadakhale kuti chinthu chakutichakuti sichogawana ngati zovala zina, koma chisungidwe pa dzanja la munthu mmodzi m'malo mwa banja lonse. Mawu otere amamveka bwino akanenedwa eni ake ali pomwepo.

Potsiriza, gwirani singano inunso. Zofunika si zambiri: kansalu koyera ka thonje, singano, sizasi ndi ulusi wopetera. Ulusiwu umabwera wa timinyololo tisanu ndi kamodzi tolukana, ndipo mumapatula tiwiri kapena titatu malinga ndi kukula kwa duwa. Yambani ndi mitundu itatu ya kasokedwe: kotsata mzere kopangira tsinde la duwa, kooneka ngati unyolo, ndi kodzaza kopangira masamba. Duwa loyamba lidzakhala lopotoka, koma paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Khazikani mwana wanu pambali panu, wamkazi kapena wamwamuna, naye mumupatse kachidutswa kake. Ndipo mukamaliza, musapinde nsaluyo musanasoke dzina lanu ndi chaka pa ngodya yake, kuti amene adzatsegule bokosi lanu m'tsogolo adzadziwe kuti manja amenewa anali a yani.