Nthambi ya mtengo si triângulo: zoyenera kukhala m'galimoto

Pamsewu wa N7, wochokera ku Tete kudzera ku Moatize mpaka ku Zóbuè, magalimoto akuluakulu amayenda usana ndi usiku. Galimoto ikawonongeka pamsewu wotere, anthu ambiri amathyola nthambi n'kuziyala pamsewu kuti achenjeze anzawo. Masana nthambizo zimaoneka. Koma usiku siziwala. Dalaivala wobwera m'mbuyo amaziona atafika kale pafupi, nthawi yoponda mabuleki itamuthera. Ngozi zina zimayamba chonchi. N'chifukwa chake zida zopulumutsa moyo ziyenera kulowa m'galimoto ulendo usanayambe.

Zimene lamulo likufuna

Malamulo a pamsewu a dziko lathu ali mu Código da Estrada ya chaka cha 2011. Malamulowa akuti galimoto izikhala ndi zizindikiro ziwiri zofiira zangodya zitatu. Pa Chipwitikizi chizindikirochi amati triângulo. Chimawala nyali za galimoto zikachiunika. Galimoto ikaima chifukwa cha vuto, ikani chimodzi kutsogolo, china kumbuyo, pamtunda wosachepera mamita 30. Kwa munthu wamkulu, amenewa ndi mapazi pafupifupi 40. Ngati mwaima pokhota, pitirizani kuyenda mpaka pamene obwera angachione ali kutali.

Lamulo likufunanso chovala chowala chimene amati colete. Chivaleni musanatsike. Musachisunge pansi pa katundu, chisungeni pafupi ndi mpando wanu.

Makalata nawonso asatsale kunyumba: carta de condução, livrete, título de propriedade, seguro ndi kalata ya inspecção. Werengani madeti olembedwa pa seguro ndi pa inspecção. Deti likadutsa, kalatayo yatha ntchito, ndipo apolisi a pamsewu akhoza kukulipiritsani chindapusa.

Zothandiza galimoto

Tayala lapadera likhale ndi mpweya wokwanira. Liyeseni kamodzi pamwezi, chifukwa limaphwa ngakhale lisanagwire ntchito. Jeke ndi sipanala yomasulira matayala zikhale pomwepo. Onjezani kathabwa kolimba kotsamiritsa jeke, chifukwa pamchenga kapena pamatope jeke imamira. Tengani tochi, chingwe chokokera galimoto, nthambo zodzutsira batire ndi chozimitsira moto.

Tengani madzi a injini m'chigubu chawochawo. Injini ikatentha kwambiri, izimitseni, ndipo dikirani izizire. Musatsegule chivundikiro cha radiyeta idakali yotentha. Madzi owira amatuluka mwamphamvu n'kuwotcha nkhope ndi manja.

Zothandiza anthu

Ku Tete, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira madigiri 40. Kudikira makanika padzuwa lotere popanda madzi n'koopsa, makamaka kwa ana ndi okalamba. Madzi akumwa akhale m'mabotolo aukhondo, osati m'chigubu chimene munali mafuta. Ku Angónia, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, vuto ndi kuzizira kwa usiku. Kumeneko bulangeti ndi lofunika. Chitenje chimathandiza konsekonse: chimapereka mthunzi, chimafunditsa mwana, chimamanga bala.

M'kabokosi sungani mabandeji, magolovesi, sopo ndi lumo. Wina akavulala n'kumatuluka magazi, valani magolovesi, ikani nsalu yoyera pabalapo, n'kupanikiza mwamphamvu. Munthu wovulala khosi kapena msana musamunyamule mwachisawawa, pokhapokha ngati pali moto kapena ngozi ina pamene wagonapo.

Foni ikhale ndi moto, chaja ikhale m'galimoto. Koma foni imatha kuzima kapena kusweka. Lembani papepala manambala a m'bale wanu, a makanika ndi a polisi yapafupi. Lembani manambala akuluakulu, oti aliyense athe kuwerenga.

Nanga inu okwera?

Ambiri a ife tilibe galimoto. Timakwera chapa kapena lole. Komabe moyo umene uli m'galimotomo ndi wathu. Musaope kufunsa mwaulemu kuti: “Adalaivala, kodi tayala lapadera lilipo? Nanga triângulo?” Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Chapa ikawonongeka panjira, tsikirani mbali ya kutchire, osati ya kumsewu. Gwirani ana padzanja, ndipo imani kutali ndi msewu mpaka galimoto itakonzedwa.