JINJA WA M'BOTOLO SI MANKHWALA

Masiku ano kulikonse kumene mupita mu Lusaka mupeza jinja. M'tauni anyamata agulitsa wozizila m'mabotolo. Ku Kabwata ndi ku Chelstone azimai aphika wao ndi kugulitsa pa msika, ndipo m'masitolo akulu a ku Woodlands ndi ku Kabulonga muli Stoney, ginger ale ndi tiyi wa jinja. Malonda awa anakula kweni-kweni mu 2020 ndi 2021, nthawi ya Covid-19, pamene mabanja ambili anali kuwilitsa jinja, mandimu ndi adyo. Mlili uja unacepa, koma unatisiyila maganizo akuti ciliconse colembedwa jinja ndi mankhwala.

Jinja weni-weni, muzu uja mugula ku Soweto Market, ali nayo nchito. Acepetsa mselu kwa mzimai wapakati, ndipo atonthoza pakhosi ngati muli ndi cimfine. Kacidutswa kang'ono m'madzi otentha kakwanila. Koma sacilitsa malungo, cibayo kapena TB. Cifuwa cikafika masabata awili, bweletsani makhololo ku kiliniki tipime.

Cimene cindidetsa nkhawa ndi shuga. Atate ena odwala matenda a shuga anabwela kwa ine shuga yao itakwela kwambili, cikhalilenico mapilitsi anali kumwa bwino. Nditafunsa za zakumwa anati, "Ba dokota, vija vonzuna ninaleka kudala, nimamwa cabe jinja." Tsiku lililonse anali kutsiliza mabotolo awili. Kuwawa kwa jinja kubisa kutsekemela, cotelo lilime likunamizani.

Tembenuzani botolo muwelenge kumbuyo. Pamene palembedwa sugars aonetsa magalamu a shuga mu 100 ml. Ngati ndi magalamu 10, botolo la 500 ml lili ndi magalamu 50, ndiye kuti masipuni a tiyi 12. Bungwe la World Health Organisation mu 2015 linalangiza kuti shuga wothila m'zakudya asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu imene thupi lipeza ku cakudya ca tsiku. Kwa munthu wamkulu apo ndi pafupi-fupi masipuni 12 amenewo. Botolo limodzi latsiliza zonse, tiyi wa m'mawa musanawelengele.

Azimai, mwana akatsegula m'mimba musamupatse jinja wa m'botolo. Shuga wambili akoka madzi kulowa m'matumbo ndipo kutsegula kukula. Mupatseni ORS ndi zinc, ndipo pitilizani kumuyamwitsa.

Wophika kunyumba nthawi zambili ndiye ali ndi jinja wambili, ndipo sindifuna kuononga malonda a azimai amene aphunzitsa nao ana. Funso langa ndi madzi. Tonse tikumbukila kolela ya mu Januwale 2024, pamene odwala anagonekedwa mu Heroes Stadium. Wogulitsa awilitse madzi kapena athilemo klolini, ndipo botolo lotola pa mseu si lothilamo cakumwa. Dziwaninso kuti jinja wothila yisiti akagona masiku asasa ngati munkoyo wokhalitsa, ndipo asanduka mowa. Ameneyo si wa ana kapena wa mzimai wapakati.

Azibambo, cenjelani ndi mabotolo olonjeza "mphamvu za m'nyumba". Mu 2019 cakumwa cina copangidwa ku Ndola cinaletsedwa atapezamo sildenafil, mankhwala a mu Viagra. Kwa munthu amene amwa mapilitsi ena a mtima, mankhwala awa angagwetse BP mpaka kukomoka kapena kufa.

Ngati mumwa warfarin, uja woletsa magazi kuundana, kapena muvutika ndi cilungulila, tiuzeni kuculuka kwa jinja amene mumwa. Mukabwela ku kiliniki ya shuga kapena ya BP, nyamulani botolo lake pamodzi ndi khadi lanu tiwelengele pamodzi.