DISO LA MWANA LIMAULULA ZA MU UBONGO

Amayi, mwana akakomoka ndi malungo n'kufika naye ku chipatala, nthaŵi zina dotolo amamdontheza mankhwala m'maso ndi kumuunika ndi kanyali. Amayi ambiri amadabwa, ena mpaka kukwiya, poti mwana wawo sakudwala maso. M'nkhani ino tifotokoza chifukwa chake dotolo amatero.

Kumbuyo kwa diso, cham'kati, kuli kachikopa kopyapyala kotchedwa retina, kamene kamalandira kuŵala kuti munthu aone. Mwana akamaumbika m'mimba mwa mayi wake, kachikopa kameneka kamaphuka kuchokera ku ubongo, ndipo timitsempha take ta magazi n'tofanana ndi ta mu ubongo. Ubongo ndi wobisika m'chigaza, koma retina dotolo angathe kuiona popanda kucheka pena paliponse. Choncho zimene zikuchitika mu ubongo kaŵirikaŵiri zimaonekeranso m'diso.

Akatswiri a maiko akunja amaphunzira zimenezi pa mbeŵa zoŵetedwa m'nyumba zofufuzira matenda. Zina mwa mbeŵazi amazisintha chibadwa kuti zidwale matenda a Alzheimer, amene amaononga ubongo wa okalamba mpaka kuiŵala ana awo omwe. Mu 2011 akatswiri a ku Los Angeles, ku America, anapeza kuti timiulu ta zoipa timene timaunjikana mu ubongo wa mbeŵa zotere timaunjikananso mu retina, ndipo m'diso timayamba kuoneka msanga. Ntchito imeneyi ikali yofufuza chabe, koma pa malungo a ana nzeru younika diso ikupulumutsa kale miyoyo, ndipo inakhwimira kuno kwathu.

Mu 1993 Dr Susan Lewallen ndi anzake analemba zimene anaona m'maso mwa ana odwala malungo a mu ubongo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Pa matenda ameneŵa tizilombo ta malungo timachititsa magazi kukakamira m'timitsempha ting'onoting'ono, magazi nalephera kuyenda bwino. Dotolo akaunika retina amaona maŵanga oyera, timadontho ta magazi otayika, ndi timitsempha timene tasanduka toyera kapena tofiirira ngati lalanje.

Zizindikiro zimenezi n'zofunika chifukwa ana ambiri kuno amayenda ndi tizilombo ta malungo m'magazi ngakhale asakudwala. Mwana angathe kukomoka ndi matenda ena, monga oumitsa khosi kapena chibayo, magazi ake n'kuonetsabe malungo. Mu 2004 Dr Terrie Taylor ndi anzake ku Blantyre komweko anaonetsa kuti mwa ana 31 amene anamwalira akuganiziridwa malungo a mu ubongo, ana 7 anaphedwa ndi matenda ena. Kuunika m'diso ndiko kunali njira yabwino yosiyanitsira ana otereŵa. Dotolo akapanda kupeza zizindikirozo, amalimbikira kufunafuna matenda ena amene abisala.

Tsono amayi, kumbukirani izi:

1. Mwana akatentha thupi, pitani naye ku chipatala tsiku lomwelo akayezedwe magazi.

2. Akachita njirinjiri, akakana kuyamwa, akamasanza chilichonse, kapena akagona osadzuka mukamgwedeza, thamangirani ku chipatala, kaya ndi usiku. Mgonekeni chammbali, ndipo musamuike kanthu m'kamwa.

3. Lolani dotolo kumuunika m'maso. Mankhwala odontheza aja amangokuza kamwana ka diso kuti dotolo aone bwino m'kati. Mphamvu yake imatha yokha, ndipo sachititsa khungu. Kuunikako sikuletsa mwana kulandira jekeseni wa malungo.

4. Musathire mankhwala a zitsamba, mkaka kapena china chilichonse m'maso mwa mwana.

5. Mwana akachira, maŵanga a m'diso aja amazimirira okha. Koma ena mwa ana amene anadwala malungo a mu ubongo amatsala ndi khunyu, kufooka kwa ziŵalo kapena kuvutika pophunzira. Mukaona zachilendo, nenani ku sikelo, ndipo musaphonye tsiku limene mwauzidwa kubwerera.

Matenda ameneŵa amayamba ndi kulumidwa ndi udzudzu. Gonekani ana anu m'neti yonyikidwa m'mankhwala usiku uliwonse, chaka chonse, ndipo pitirizani kubwera nawo ku sikelo mpaka atakwana zaka 5.