Buku limene makompyuta atatu amalembamo limodzi

Mwana wa ku Lusaka akatumiza ndalama pafoni, mayi ake ku Zemba amapita kwa ejenti wa Airtel Money kapena MTN, kudina manambala, ndalama n'kulandira. Kumbuyo kwa zimenezi kuli makompyuta akuluakulu, maseva, amene amagwira ntchito usana ndi usiku. Ntchito yanga ndi kusamalira maseva otere, ndipo ife a ntchito imeneyi sitikhulupirira seva imodzi yokha. Disiki imafa, fani imaima, malaiti amazima. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, ZESCO n'kumazimitsa malaiti maola ambiri pa tsiku. N'chifukwa chake timalumikiza maseva atatu kapena kuposerapo kukhala gulu limodzi, cluster, kuti imodzi ikagwa inzake inyamule ntchito anthu asanadziwe n'komwe.

Koma seva singanyamule ntchito imene siikudziwa. Iyenera kudziwa kuti ndi pulogalamu iti ikuyenda pati, adilesi yake ndi iti, choyamba kuyatsidwa n'chiti. Zonsezi zimalembedwa m'buku limodzi limene seva iliyonse ili ndi kope lake lofanana ndendende. Mapulogalamu oyendetsa magulu a maseva amasunga bukuli mosiyanasiyana. Mu Pacemaker limatchedwa CIB ndipo limalembedwa mu XML. Mu Kubernetes ndi etcd. Mu Proxmox limaoneka ngati foda wamba, /etc/pve: mukasunga fayilo pa seva yoyamba n'kutsegula foda yomweyo pa yachitatu, mumaipeza yafika kale, pulogalamu ya Corosync itainyamula.

Achinyamata amene ndimaphunzitsa akaona zimenezi maso amawala. Funso lawo sililephera: "Abwana, nanga zathu sitingasungemo?" Mungathe, ndipo inenso ndimatero. Pacemaker ili ndi lamulo lotchedwa crm_attribute lolembera kachidziwitso kanu pa seva iliyonse. Ndimalembamo zinthu monga seva imene ili m'chipinda china, adilesi ya kumene timatumiza bakapu, kapena chizindikiro choti seva iyi ikukonzedwa, isapatsidwe ntchito. Zonsezi ndi zazing'ono, sizisintha kawirikawiri, ndipo maseva onse ayenera kuzidziwa mofanana. Chimene chilibe makhalidwe atatu amenewa chisalowemo.

Pamenepa ndimaumirira kwambiri. Chilichonse chimene mwalemba m'bukuli chimatumizidwa ku maseva onse, ndipo ayenera kugwirizana nacho. Mu Pacemaker, CIB ikasintha, gulu limawerengeranso ngati pulogalamu iliyonse ili pamalo pake. Ndiye taganizani munthu walemba kapulogalamu kolembamo kutentha kwa chipinda sekondi iliyonse. Maseva amatanganidwa ndi zopanda pake, ndipo tsiku limene seva ina yafadi, uthenga wofunikawo umakafola pamzere. Opanga mapulogalamuwa anaika malire dala. Proxmox imasunga buku lonse mu RAM ndipo silipitirira 128 MiB. Etcd, mukapanda kusintha kalikonse, imakana cholembedwa chimodzi choposa 1.5 MiB. Mayina a makasitomala, zithunzi za ma NRC ndi malipoti a tsiku ndi tsiku zili ndi database yakeyake. Musaganizenso kuti makope atatu ndi bakapu. Mukafufuta fayilo molakwika pa seva imodzi, imafufutika pa onse nthawi yomweyo.

Chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi tsiku limene bukulo lakana kulembedwa. Tinene kuti waya wolumikiza seva imodzi kwa inzake iwiri waduka. Yotsala yokhayo ili moyo, nyali zake zikuthwanima bwinobwino, koma mu Proxmox foda ija imangolola kuwerenga basi. Sikuti yawonongeka. Zili ngati msonkhano wa kopaletivu ya alimi: mamembala akapanda kukwana, amene abwerawo atha kuwerenga zimene zinagwirizanidwa kale, koma sangagamule zatsopano. Maseva amaponya mavoti, ndipo mbali yokhala ndi mavoti oposa theka ndiyo imaloledwa kulemba. Popanda lamuloli, mbali iliyonse ikanaganiza kuti inzake yafa, n'kuyatsa pulogalamu yomweyo pawiri. Ngati ndi pulogalamu ya ndalama, mbali ina ikananena kuti mayi aja atapa kale, ina n'kumati ndalama zikadalipo. Kukonza chisokonezo chotere kumatenga nthawi yaitali kuposa kudikira kuti waya alumikizidwe.

Apa ndi pamene maofesi ofuna kupulumutsa ndalama amapunthwa. Amagula maseva awiri, poganiza kuti ina ikafa ina itsala. Voti imodzi mwa mavoti awiri sipitirira theka, choncho yotsalayo nayonso imasiya kulemba. Voti yachitatu siifuna seva yodula. Kakompyuta kakang'ono kogwira ntchito ngati QDevice ya Corosync kamakwanira. Ofesi ya ku Chadiza kapena ku Chipata imene ikukonza bajeti ya maseva iikemo kakompyutako, ndipo kakhale ndi batire yakeyake, kasamwere magetsi pa soketi imodzi ndi maseva awiri aja.