MNYAMATA WOPHIKA M'SITIMA YONYAMULA NDEKE SANAIWALIKE

Pamene nkhondo yaciwiri ya dziko lonse inali kuyamba, munthu wakuda wolowa usilikali wa pamadzi ku America anali kupatsidwa nchito imodzi yokha: kuphika, kupereka zakudya ndi kusamalira zobvala za akulu-akulu. Doris Miller, mwana wa alimi wobadwira ku Waco m'cigawo ca Texas mu 1919, analembedwa nchito yomweyi mu 1939.

M'mawa wa pa 7 December 1941 ndeke za ku Japan zinaukira doko la Pearl Harbor ku Hawaii. Miller anali kusonkhanitsa zocapa m'sitima yankhondo ya West Virginia. Mabomba atayamba kugwa, iye ananyamula anzace obvulala, nathandizanso kucotsa pamalo oopsa mkulu wa sitimayo, a Mervyn Bennion, amene pambuyo pace anamwalira. Kenaka anagwira mfuti yaciwaya, ngakhale sanaphunzitsidwepo, naombera ndeke za adani kufikira zipolopolo zitatha.

Pa 27 May 1942 mkulu wa asilikali a pamadzi m'nyanja ya Pacific, a Chester Nimitz, anambveka mendulo ya Navy Cross. Miller ndiye anali munthu wakuda woyamba kuilandira. Koma mendulo siinamcotse kukhichini. Mu 1943 anatumizidwa, akali wophika, ku Liscome Bay, sitima yonyamula ndeke.

Sitima yotere iri ngati bwalo la ndeke loyandama. Pamwamba pace mpathyathyathya, pomwe ndeke zinyamukira ndi kutera. Liscome Bay inali yotalika mamita 156, ndipo inali kunyamula ndeke pafupi-fupi 30. M'mimba mwace munali mafuta ndi nkhokwe ya mabomba, kotero anthu mazana-mazana anali kudya ndi kugona pafupi ndi imfa.

Mu November 1943 sitimayi inapita ku zisumbu za Gilbert kukathandiza asilikali olanda cisumbu ca Makin. Mbanda kuca pa 24 November, sitima ya ku Japan yoyenda pansi pa madzi inaponya bomba lochedwa torpedo. Linagunda pafupi ndi nkhokwe ija, mabomba onse naphulika. Patangopita mphindi 23 Liscome Bay inamira. Anthu oposa 600 anafa, opulumuka anali 272 cabe. Miller, wa zaka 24, anali pakati pa akufawo, ndipo mtembo wace sunapezeke.

Tsankho la khungu m'magulu ankhondo a ku America linaletsedwa mwalamulo mu 1948, Miller atafa kale. Mu January 2020 boma la dzikolo linalengeza kuti sitima yaikulu yatsopano yonyamula ndeke idzachedwa Doris Miller. Maina a sitima zotere kawiri-kawiri amakhala a atsogoleri a dziko kapena a malo ochuka a nkhondo. Aka kanali koyamba kuti ulemuwu upatsidwe kwa munthu wakuda, ndiponso kwa msilikali wamba.