Kodi Ulamuliro Wankhanza Umadziwika Bwanji M'dziko Lochita Zisankho?

Msewu wochokera pa boma la Mangochi ukawoloka mtsinje wa Shire umakwera mapiri, n'kudutsa pa Namwera, mpaka kukafika pa Chiponde pamene Malawi amachita malire ndi Mozambique. Kuseri kwa chipata kuli Mandimba, m'chigawo cha Niassa. Anthu a mbali ziwirizi ndi amodzi. Ambiri amalankhula Chiyao, amakwatirana, amagulitsana mbewu ndiponso amaikana maliro. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1960 mpaka 1974, onsewa anali pansi pa maboma awiri osiyana mbendera koma ofanana pa chinthu chimodzi: munthu wamba sankatha kuwakanira. N'chifukwa chake mbiri ya dera limeneli ingathandize kuyankha funso limene likuvuta anthu ambiri masiku ano.

Funsolo ndi ili. Andale akasemphana maganizo, otsutsa amati boma ndi lankhanza, ndipo ena amafika potchula liwu lachilendo lakuti fascism. Olamula nawo amayankha kuti iwo anasankhidwa ndi anthu, kotero sangakhale opondereza. Kodi chisankho chokha chimatsuka boma? Nanga boma lililonse lolimba dzanja ndi la fascism?

Liwu limeneli linachokera ku Italy. Gwero lake ndi mtolo wa ndodo womangidwa pamodzi ndi nkhwangwa, umene unali chizindikiro cha mphamvu za olamula mu Roma wakale. Benito Mussolini analitenga kukhala dzina la gulu lake, ndipo analowa m'boma m'chaka cha 1922 atatsogoza anyamata ovala malaya akuda amene ankamenya aliyense wotsutsa. Chiphunzitso chake chinali chakuti mtundu ndi thupi limodzi, mtsogoleri ndiye mutu, ndipo wotsutsa ndi nthenda yoyenera kuchotsedwa. Ku Germany, Adolf Hitler anapatsidwa udindo wotsogolera boma mu January 1933 chipani chake chitapeza mipando yambiri pa zisankho. M'mwezi wa March chaka chomwecho nyumba ya malamulo inampatsa mphamvu zopanga malamulo payekha, ndipo pofika July zipani zina zonse zinali zitatha. Apa pali phunziro loyamba: nkhanza imatha kulowera pa khomo la chisankho, kenaka n'kutseka khomolo.

Akatswiri a mbiri amasiyanitsa zinthu ziwiri. Ulamuliro wopondereza umafuna kuti anthu akhale chete. Fascism siikhutira ndi chete. Imafuna kuti anthu aimbe, agube, avale yunifolomu, ndipo adane ndi gulu limene mtsogoleri waliloza chala. Kutsidya kwa Chiponde kunkalamula Apwitikizi, ndipo boma la António Salazar, limene linakhazikitsidwa mu 1933 n'kugwa pa 25 April 1974, linali ndi chipani chimodzi ndi apolisi achinsinsi otchedwa PIDE. Anthu a ku Mozambique ankagwiritsidwa ntchito ya kalavulagaga ndi kukakamizidwa kulima thonje. Akatswiri amatsutsanabe ngati boma limenelo linali la fascism yeniyeni kapena lopondereza chabe. Koma kwa mlimi wa ku Mandimba mkangano wa dzinawo sunachepetse ululu wa chikoti.

Kuno ku Malawi, boma la Mangochi, limene nthawiyo linkatchedwa Fort Johnston, linaona zimenezi msanga. Nduna zitasemphana ndi Dr Hastings Kamuzu Banda mu September 1964, Henry Masauko Chipembere anabwerera kwawo ku Malindi. Mu February 1965 iye ndi omutsatira anaukira boma la Fort Johnston ndi zida, koma ulendo wawo wa ku Zomba unathera pa doko la Liwonde. Boma lililonse lili ndi ufulu wozenga mlandu anthu otenga zida. Chimene chinaonetsa nkhanza ndi chakuti chilango chinagwera ngakhale amene sanagwire mfuti. Midzi yoganiziridwa inatenthedwa, ndipo pambuyo pake anthu a m'mudzi wa Moto, amayi ndi ana omwe, anatengedwa n'kukatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Medson Silombela, mmodzi wa otsatira Chipembere, anapachikidwa ku Zomba mu 1966 anthu akuonerera, kuti ena atengerepo mantha.

Chaka chomwecho dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo mu 1971 Dr Banda anakhala pulezidenti wamuyaya. Achinyamata a chipani ndi a Malawi Young Pioneers ankaima pa zipata za misika ndi pokwerera basi, kufunsa khadi ya chipani. Wopanda khadi sankagulitsa nsomba zake ngakhale kukwera basi. A Mboni za Yehova, amene anakana kugula khadi, analetsedwa mu 1967, ndipo mu 1972 zikwi zambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Komatu m'zaka zimenezo zisankho za aphungu zinkachitika, monga mu 1978, 1983, 1987 ndi 1992. Anthu ankaima pa mzere n'kuponya voti, koma onse opikisana anali a chipani chimodzi, ovomerezedwa ndi mtsogoleri mmodzi. Bokosi la voti linalipo. Chimene chinasowa ndi mphamvu yochotsa wolamula.

Zinthu zinasintha mabishopu a Katolika atatulutsa kalata yawo pa 8 March 1992. Pa 14 June 1993 anthu anasankha ndale za zipani zambiri. Mu December chaka chomwecho asilikali analanda zida a Young Pioneers, ambiri a iwo n'kuthawira ku Mozambique, ndipo pa 17 May 1994 Bakili Muluzi anapambana chisankho. Malamulo atsopano a dziko ananena kuti mphamvu zonse zolamulira zimachokera kwa anthu, kuti munthu asakakamizidwe kulowa gulu lililonse, ndi kuti pulezidenti asapitirire matemu awiri otsatizana.

Komabe chilakolako chosafuna kutsutsidwa sichinathe ndi chipani chimodzi. Mu July 2002 nyumba ya malamulo inakambirana bilo yochotsa malire a matemu a pulezidenti, ndipo inalephera ndi mavoti atatu okha. M'nyengo imeneyo achinyamata a chipani cholamula, otchedwa Young Democrats, anatchuka ndi kumenya otsutsa. Mu 2011, pa ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, nduna inapatsidwa mphamvu zoletsa nyuzipepala, mphunzitsi wa ku Chancellor College anafunsidwa ndi mkulu wa apolisi pa zimene anaphunzitsa m'kalasi, kazembe wa Britain anathamangitsidwa, ndipo pa zionetsero za pa 20 July anthu pafupifupi 20 anaphedwa. Maboma onsewa anali osankhidwa ndi anthu. Sanali a fascism, pakuti makhoti, mipingo, nyuzipepala ndi zipani zotsutsa zinalipobe. Koma zochita zimenezo zinali zopondereza, ndipo ndi bwino kuzitchula ndi dzina lake.

Nanga munthu wamba angazindikire bwanji? Choyamba ayang'ane achinyamata a chipani. Ngati anyamula zikwanje apolisi n'kumangoonerera, ndiye kuti lamulo lagonjera chipani. Chachiwiri aone ngati chuma cha boma chikugawidwa poyang'ana mtundu wa nsalu imene munthu wavala. Chimanga cha chithandizo, feteleza wotsika mtengo ndi malo a pamsika si za chipani. Zikasanduka mphotho ya okhulupirika, khadi yakale ija yabwerera m'maonekedwe ena. Chachitatu amvetsere mmene olamula amatchulira otsutsa. Wopikisana naye akayamba kutchedwa chigawenga kapena mdani wa dziko, ndipo mtundu wake, chipembedzo chake kapena boma lakwawo likalangidwa chifukwa cha iye, njira ya ku Moto yatsegulidwanso. Chachinayi, ndipo chachikulu, aone chimene wolamula amachita akakanidwa ndi khoti, ndi aphungu kapena ndi ovota.

Muyeso wotsirizawu unayesedwa pa 3 February 2020, pamene oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri. Olamula anakwiya nachita apilo, koma khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chigamulocho. Chisankho chinachitikanso pa 23 June 2020, ndipo boma linasintha. Mu September 2025 ovota anasinthanso boma, ndipo Lazarus Chakwera anavomereza kugonja. Demokalase siitanthauza kuti atsogoleri ndi angelo. Imatanthauza kuti akalakwa pali wowaletsa, ndipo akakanidwa amachoka.

Pali chenjezo linanso. Si lamulo lililonse lowawa limene lili nkhanza. Ofesala wa pa chipata cha Chiponde akafunsa chiphaso kapena msonkho wa katundu, akugwira ntchito imene lamulo linampatsa. Boma likatseka nyanja m'nyengo imene chambo chikuswana, msodzi wa ku Makanjira kapena ku Malembo amadandaula, koma lamulolo limakhudza aliyense, lili ndi chifukwa chodziwika, ndipo angathe kulitsutsa kwa phungu wake kapena ku khoti. Kutchula zonsezi kuti fascism n'kuchepsa masautso a amene anaona nkhanza yeniyeni. Liwu likagwiritsidwa ntchito pa chilichonse limabuntha ngati mpeni, ndipo tsiku lofunikadi silidulanso.

Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Boma lomvetsa mwambi umenewu limaona mtolankhani, woweruza ndi wotsutsa ngati anansi, ngakhale pamene mawu awo akuwawa. Koma anatinso chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Otsatira chipani amene amaombera m'manja otsutsa akamenyedwa ayenera kukumbukira kuti kuyambira 1994 palibe chipani chimene chakhala m'boma mpaka kalekale, ndipo mphamvu imene akuilekerera lero idzakhala m'manja mwa ena mawa. Ufulu wa dziko umaonekera pa mayi wogulitsa tomato pamsika wa Chiponde: ngati angadzudzule boma masana anthu akumva, n'kukagona m'nyumba mwake osaopa kugogoda kwa usiku, ndipo m'mawa n'kupeza malo ake a malonda alipobe.